Mafunso Anu pa Nkhani ya Ana: Kukayenda ndi Mwana Wamng'ono Kupaki

Makalata angapo amene talandira mwezi uno akufunsa za kutuluka ndi mwana amene wangoyamba kumene kuyenda, kupita naye kupaki kapena pabwalo lililonse lapafupi ndi kunyumba. Tasankhapo 5, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndili ndi mwana wamwamuna wa chaka chimodzi ndi miyezi 8, ndipo timakhala ku Chitawira mumzinda wa Blantyre, kufupi ndi paki ya Njamba. Loweruka ndi Lamlungu ndimamutenga kuti tikawongole miyendo kupakiko, koma kunena zoona sitiyenda n'komwe. Ndikangomutsitsa kumsana amayenda pang'ono n'kunjuta kutola timiyala, kenako amabwerera kumene tachokera kukaonerera nyerere, mpaka nthawi kutha tisanafike pamtengo umene ndinkafuna kuti tikapumulirepo. Apongozi anga akuti ndikungomutopetsa mwana ndi kumudetsa, ndipo akuti wamsinkhu umenewu malo ake ndi kumsana kwa mayi ake. Kodi pali phindu lililonse pa zimene ndikuchitazi?
Mayi wa ku Chitawira, Blantyre

YANKHO: Mayi, phindu lilipo, ndipo lili m'zinthu zomwezo zimene zikukukhumudwitsanizo. Inu mukachoka pakhomo mumakhala ndi kumene mukupita, pamene mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi 8 alibe kumene akupita, chifukwa kwa iye mwala uliwonse ndi nyerere iliyonse ndi zachilendo zoyenera kuimapo. Choncho musayeze ulendowu ndi mtunda umene mwayenda. Uyezeni ndi nthawi imene mwanayo wakhala ali pa miyendo yake.

Taonani bwino zimene thupi lake likuchita pamene inu mukuganiza kuti akungotaya nthawi. Kuti atole kamwala kaja ayenera kuima, kupinda mawondo, kutsitsa matako osagwa chagada, kukagwira ndi zala ziwiri, kenako kudzuka popanda chogwirira, kamwalako kali m'manja. Akachoka pa kapinga n'kuponda pamchenga, kapena akalumpha muzu wa mtengo umene watuluka pamwamba pa nthaka, mapazi ake amaphunzira zimene simenti yosalala ya m'nyumba singawaphunzitse. Ofufuza a pa yunivesite ya New York, motsogoleredwa ndi Karen Adolph, anafalitsa mu 2012 zimene anapeza ataonerera ana a miyezi 12 mpaka 19 akusewera momasuka: pa ola limodzi mwana ankaponya mwendo maulendo oposa 2,000, ndipo ankagwa pafupifupi maulendo 17. Kupita uku ndi uku kumene mukukuonako ndi kumene kumaphunzitsa mwana kuyenda, ndipo kugwa kuli m'gulu la phunzirolo. Akagwa pa kapinga, dikirani kaye muone ngati adzuke yekha musanathamange ndi mfuu, pakuti ana ambiri amayamba ayang'ana nkhope ya mayi asanaganize zolira.

Pa nkhani ya apongozi anu, sakulakwitsa zonse ayi. Kumsana ndi malo otetezeka, ndipo pamene mukudutsa msewu wodzaza maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza, palibe malo ena abwino kuposa amenewo. Koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo amene linatulutsa mu 2019 okhudza ana osakwana zaka 5, linanena kuti mwana wa chaka chimodzi kapena zaka 2 azikhala akusuntha thupi m'masewera osiyanasiyana kwa mphindi zosachepera 180 pa tsiku, kutanthauza maola 3 omwazikana m'tsiku lonse, ndiponso kuti asamakhale womangika pamalo amodzi kopitirira ola limodzi nthawi imodzi. Potchula njira zomangira mwanazo, malangizowo anatchula chikuku, mpando wa ana, komanso kumsana kwa womulera. Izi sizikutanthauza kuti kubereka mwana n'koipa. Zikutanthauza kuti mwana amene wayamba kuyenda ayenera kumatsitsidwa pafupipafupi. Ndingakulangizeni kuti tsiku lina muwapemphe apongoziwo mupitire limodzi, ndipo muwasiyire mdzukuluyo kuti aziwapatsa timiyala take, popeza kukangana nawo pakhomo sikungakupindulireni kanthu.

Chinanso chimene ndimaona kuti makolo ambiri amachiphonya n'chakuti ulendo woterewu ndi nthawi yabwino kwambiri yophunzitsira mwana kulankhula. Akaloza galu, nenani kuti ndi galu, ndipo muonjezere kuti ndi wakuda, akuthamanga. Akakupatsani tsamba, lilandireni ndi manja awiri n'kuthokoza, monga mmene mukufunira kuti iye adzachitire kwa akuluakulu. Mwana amagwira msanga mawu a chinthu chimene iye mwini wachiyang'ana kale kusiyana ndi chimene inu mukumukakamiza kuti ayang'ane. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo foni ikhale m'chikwama, chifukwa mayi amene maso ali pa WhatsApp sangaone chimene mwana waloza, komanso sangaone chimene waika m'kamwa.

Mphindi 20 kapena 30 n'zokwanira pamsinkhu umenewu. Mukaona kuti wayamba kupunthwa pafupipafupi, kutikita m'maso, kapena kukweza manja kuti mumunyamule, ulendo watha, muberekeni. Tsiku limene akukana kuchoka, musamudzidzimutse. Muuzeni kuti aponye mwala umodzi womaliza, atsanzike mtengo, kenako muchitedi zimene mwanenazo ngakhale alire.

FUNSO: Ine ndi mayi a kunyumba sitikugwirizana. Mwana wathu wamkazi ali ndi zaka 2, ndipo madzulo ndikaweruka kuntchito ndimapita naye pa kabwalo ka kapinga kamene kali pafupi ndi kwathu. Ine ndimamuvula nsapato chifukwa ndinamva kuti kuyenda opanda nsapato kumalimbitsa mapazi, koma iwo akuti ndimudwalitsa. Komanso mwanayu chilichonse chimene watola chimapita kukamwa, ngakhale dothi. Tithandizeni, ndiponso mutiuze nthawi yabwino yotuluka naye.
Bambo wa ku Area 18, Lilongwe

YANKHO: Bambo, m'nyumba ndi pakhonde losesedwa bwino inu mukulondola, chifukwa phazi la mwana limagwira pansi ndi zala zake ndipo limakula bwino likakhala lomasuka. Pabwalo la aliyense akulondola ndi mayi. Mu kapinga wa malo amene anthu amachezerapo madzulo mumabisala magalasi a mabotolo osweka, zitsekerero zachitsulo, misomali ndi minga. Palinso zimene maso sangaone. Mtundu wina wa njoka zam'mimba umalowa m'thupi kudzera pakhungu la phazi munthu akaponda dothi limene lakhudzana ndi chimbudzi, ndipo ukakhazikika m'matumbo umayamwa magazi mpaka mwana kuyamba kuchepa magazi. Matekenya nawo amakonda dothi louma lafumbi kumene kumayenda agalu ndi nkhumba. Mu Okutobala ndi Novembala nthaka yeniyeniyo imatentha moti ingawotche phazi la mwana.

Nsapato yoyenera ndi yopepuka, yomanga kumbuyo kwa chidendene, ndipo pansi pake pazipindika mukaipinda ndi dzanja limodzi. Masilipasi amamugwetsa, ndipo nsapato yolimba ngati ya kusukulu imamulemera. Mukamagula, kaya m'sitolo kaya pa kaunjika, mutengeni mwanayo akayese ataimirira, ndipo pakati pa chala chachikulu ndi kutsogolo kwa nsapato patsale mpata wokwana chala chanu chimodzi. Muzimuyesanso pakapita miyezi ingapo, chifukwa mapazi a ana amsinkhu uwu amakula mofulumira ndipo mwiniwakeyo sanena kuti nsapato yamuthina, amangokana kuyenda.

Za kukamwa, dothi pang'ono limene mwana walawa si chifukwa chomuletsera kutuluka. Mulavulitseni, mumupukute, ndipo mukafika kunyumba mumusambitse m'manja ndi sopo asanagwire chakudya. Onetsetsani kuti akulandira mankhwala a njoka zam'mimba ndi vitamini A ku sikelo pa nthawi yake, ndipo muone m'buku lake la kuchipatala ngati zinalembedwa. Koma ngati amachita kulifunafuna dothilo tsiku ndi tsiku n'kumadya ndi mtima wonse, kauzeni a chipatala amuyeze magazi, chifukwa nthawi zina chimenecho chimakhala chizindikiro cha kuchepa kwa magazi.

Zoopsa zenizeni ndi tinthu ting'onoting'ono timene tingamutsamwe kapena kumupha ndi poizoni. Ndalama zachitsulo, mikanda, ndi timabatire tozungulira ta m'mawotchi ndi m'zidole, tonseti timakwana bwino m'kamwa mwa mwana wa zaka 2, ndipo kabatire kotero kakamezedwa kamawotcha kummero m'maola ochepa, choncho amafunika kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Njere za nsatsi n'zokongola ndi mawangamawanga ake koma zili ndi poizoni woopsa zikatafunidwa, ndipo tizipatso tosapsa ta lantana, chitsamba cha maluwa amitundumitundu chimene chamera paliponse m'matauni mwathu, natonso n'toipa. Musanamutsitse, yendani inu kaye pamalopo maso ali pansi. Mukaona mzere wa linthumbu, kapena chitedze m'tchire la m'mphepete, samukani.

Nthawi yabwino ndi m'mawa isanakwane 10 koloko, kapena masana dzuwa litapendeka, cha m'ma 4 koloko, mwana atagona kale tulo take ta masana ndiponso atadya. Popeza inu mumatuluka mukaweruka kuntchito, samalani kuti mdima usakupezeni panja, chifukwa udzudzu umene umafalitsa malungo umayamba kuluma kukamada. Mutengereni chipewa ndi botolo la madzi abwino akumwa. Ngati pamalopo pali katungwe kapena chitsulo chotsetserekapo ana, chigwireni kaye ndi dzanja lanu mumve kutentha kwake, muonenso ngati chilibe dzimbiri lakuthwa. Kamba wake akhale nthochi kapena mbatata yophika, ndipo adye atakhala pansi. Mtedza wosasinja, chimanga chokazinga ndi maswiti olimba musamupatse mwana wamsinkhu uwu, makamaka pamene akuyenda.

FUNSO: Kwathu kuno kulibe paki, ndipo ndalama yokwerera minibasi kupita kutauni ndi mwana sabata iliyonse ndilibe. Kodi mwana wanga akumanidwa kanthu?
Mayi wa ku Ndirande, Blantyre

YANKHO: Ayi, mayi. Chimene mwana akufuna ndi malo otakasuka pang'ono, opanda magalimoto, okhala ndi mthunzi. Bwalo la sukulu ya pulayimale ana akaweruka, bwalo la tchalitchi kapena la mzikiti pakati pa sabata mutapempha kwa oyang'anira, ngakhale m'mphepete mwa bwalo la mpira m'mawa anyamata asanabwere, onsewa ndi malo okwanira. Kubwerera pamalo amodzimodzi tsiku lililonse sikumutopetsa mwana monga mmene kumatopetsera ife akuluakulu, ndipo amasangalala kupeza chitsa chimene anachisiya dzulo. Mungopewa njira zodutsa m'mbali mwa ngalande, pa dzala, ndi pamene amayi amaphikira mandasi kapena tchipisi pamoto wapansi.

FUNSO: Ndikulera mdzukulu wanga wa zaka 2 ndi theka, makolo ake ali ku Johannesburg. Ndimakonda kupita naye kokayenda, koma miyendo yanga ndi yaukalamba ndipo iye amathamanga. Tsiku lina akuthamangira kumene kunali galu ndinamukoka dzanja mwamphamvu, ndipo analira n'kusiya kuugwiritsa ntchito mkonowo, unkangolendewera. Kuchipatala anaubwezeretsa, koma kuyambira pamenepo ndikuopa kutuluka naye. Ndichite bwanji?
Agogo a ku Zomba

YANKHO: Agogo, pepani ndi zimene zinakuchitikiranizo, koma musadziimbe mlandu, pakuti munamukoka pomuteteza. Vuto limeneli limachitika kawirikawiri kwa ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4. Pa chigongono pali kamtsempha kozungulira kamene kamagwira mutu wa fupa limodzi la mkono, ndipo mwa ana aang'ono kamakhala kofewa, moti mkono ukakokedwa mwadzidzidzi uli wowongoka, kamtsemphako kamatsetsereka n'kupanikizika pa mfundo. Mwana amausunga mkonowo pafupi ndi thupi osafuna kuupinda, koma nthawi zambiri sipatupa. Munachita bwino kupita kuchipatala m'malo moyesa kuuwongola nokha kapena kuuthowa, chifukwa wodziwa ntchito amaubwezeretsa m'kanthawi kochepa, komanso amaona ngati fupa silinathyoke. Dziwani kuti mwana amene zinamuchitikirapo zingamuchitikirenso, ndiye auzeni onse a pakhomopo kuti asamamunyamule pomukoka dzanja limodzi, ndipo masewera aja omugwira manja awiri n'kumuzunguza m'mwamba alekeke. Pomunyamula, mugwireni m'khwapa. Pomuletsa kuthamanga, gwirani malaya kumsana kapena mumukumbatire pachifuwa.

Kuti musamachite kupikisana naye liwiro, sankhani malo amene ali ndi mpanda kapena amene ali kutali ndi msewu, ndipo inu mukhale mbali imene kuli choopsa, iye akhale mbali inayo. Muphunzitseni mawu amodzi okha akuti "ima" ngati masewera pakhomo: muziyenda naye, mukanena kuti "ima" nonse muime, kenako mumuombere m'manja. Mawu amenewa musamawagwiritse ntchito pa zinthu zazing'ono, kuti tsiku limene mudzawanene mokuwa adzadziwe kuti nkhani yake ndi yaikulu. Komabe musadalire kuti mwana wa zaka 2 ndi theka amvera nthawi zonse. Ngati pali mtsikana kapena mnyamata wamkulu pakhomopo, mutengeni akhale miyendo yanu, koma maso akhalebe anu, chifukwa mwana wa zaka 8 kapena 9 akapeza anzake amaiwala kuti anapatsidwa ntchito.

Popeza muli ku Zomba, ndiyenera kutchula madzi. Mitsinje yotsika m'phirimo monga Mulunguzi imakopa ana, ndipo miyala yake ndi yoterera. Mwana wamng'ono mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi, ndipo akagwa chafufumimba amatha kumira m'madzi osafika n'komwe m'mawondo mwake, mwakachetechete, osakuwa. Pafupi ndi mtsinje, chithaphwi cha mvula kapena dzenje loumbira njerwa, akhale pamene dzanja lanu lingamufikire. Madzi odikha a m'madambo ndi m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa alinso ndi nkhono zofalitsa likodzo, choncho asaseweremo.

Za galu uja, mantha anu anali oyenera. Matenda a chiwewe akangoyamba kuonetsa zizindikiro sachizika, ndipo ana ndi amene amalumidwa kwambiri, nthawi zambiri kumaso ndi m'manja chifukwa cha msinkhu wawo. Vutoli ndi limene linachititsa bungwe la Mission Rabies kuyamba kubaya katemera agalu ambirimbiri ku Blantyre mu 2015. Mukaona galu wachilendo, munyamuleni mwanayo modekha, musathamange, ndipo musamulole kugwira galu amene akudya, amene wagona, kapena amene ali ndi ana. Ngati walumidwa kapena kukandidwa, ngakhale pang'ono, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15, kenako mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone za katemera. Musadikire kuti muone kaye ngati galuyo adwale, ndipo musamange bala ndi mankhwala azitsamba. Zomwezi muchite ngati wamukanda ndi mphaka kapena pusi.

Yambaninso kutuluka naye, agogo, ngakhale kwa mphindi 10 zokha poyamba. Mwana wothamanga akatsekeredwa m'nyumba tsiku lonse amakwera mipando ndi mawindo, ndipo kumeneko nakonso amavulala.

FUNSO: Tinasamukira kuno chaka chatha ndipo paki ili pafupi kwambiri ndi nyumba yathu, koma kuyambira Novembala kumazizira koopsa ndipo kumada 4 koloko. Ndimaona azungu akutuluka ndi ana awo ngakhale kukuwaza mvula. Amayi anga pafoni akuti ndisayerekeze, mwana adwala chibayo. Mwanayo ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi 5, ndipo anayamba kuyenda mwezi watha.
Mayi wa ku Leeds, England

YANKHO: Mayi, chimfine ndi chibayo zimayamba ndi tizilombo toyambitsa matenda, ndipo timafala kwambiri m'nyumba zotseka mawindo mmene anthu apanikizana kusiyana ndi panja. Mwana wovala bwino angathe kutuluka kukuzizira, monga mmene ana a ku Thyolo ndi ku Dedza amatulukira m'nyengo ya chiperoni ndi chisanu cha mu Juni. Chofunika n'chakuti asanyowe ndipo asakhalitse. Muvekeni zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza, chimodzi kuposa zimene mwavala inu, kenako jekete yosalowa madzi, chipewa chophimba makutu ndi majombo. Kuti mudziwe ngati wafunda, gwirani kumbuyo kwa khosi lake kapena pachifuwa, chifukwa manja a mwana amazizira ngakhale thupi lili bwino. Tulukani chakumasana kukadawala, mphindi 15 kapena 20, ndipo mukafika kupaki mumutulutse m'chikuku ayende yekha, popeza wokhala chete ndi amene amazizidwa msanga. Akanyowa, bwererani mukamusinthe. Tsiku limene watentha thupi kapena akupuma mofulumira, asatuluke, apite kwa dokotala.

Kuyamba kuyenda pa chaka chimodzi ndi miyezi 4 si kuchedwa, chifukwa ana athanzi amayamba kuyenda okha nthawi iliyonse kuyambira cha pa miyezi 9 mpaka pafupifupi miyezi 18. Amene wadutsa miyezi 18 asanayambe ndi amene ayenera kukaonedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene kuyenda kupaki sikungamupatse kumeneko. Kwathu kuno khungu limapanga vitamini D kuchokera ku dzuwa chaka chonse, koma ku Britain dzuwa la pakati pa Okutobala ndi Malichi n'lofooka moti silithandiza pa ntchito imeneyi, ndipo khungu lakuda limafuna dzuwa lochuluka kuposa loyera kuti lipange mlingo womwewo. Vitamini ameneyu akasowa, mafupa a mwana amafewa ndipo miyendo imapindika. A NHS, bungwe la boma loona zaumoyo ku Britain, amalangiza kuti mwana aliyense wa chaka chimodzi mpaka zaka 4 azilandira mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse, chaka chonse. Madontho ake amapezeka m'mafamase, ndipo namwino amene amayendera ana m'dera lanu angakuuzeni ngati banja lanu lili m'gulu la olandira mwaulere kudzera mu ndondomeko ya Healthy Start.